Tipempherere Zambia wathu, ndale zatigawa

Atate wakumwamba, Mulungu wa mtendere, tabwera pamaso panu. Abale amene mukuwerenga gwadani nane chonde, mtima wanga walema usiku uno.

Ambuye mukudziwa za ine ndi akulu anga a ku komboni ya Mchini mu Chipata, mimba imodzi, bere limodzi, koma miyezi yapita osapatsana moni chifukwa cha chipani chabe. Pa maliro a amalume ku Katete iwo anakhala uko ndi anzawo ovala zitenge za chipani chawo, ine kuno ndi anzanga, nsima ya pamaliro tinadya moyang'anana kumbali, amayi akungotiyang'ana misozi ili mbwembwembwe. Zikundiwawa Atate, zikundiwawa. Tichitireni chifundo, musatisiye, musatitaye.

Ndinu amene munatigwira dzanja mu 1991 pamene a Kaunda atalamulira zaka 27 anavomera kuti aluza nkupereka mpando kwa a Chiluba mfuti osalira. Munateronso mu 2011, a Rupiah Banda mwana wa kuno kum'mawa anapukuta misozi nkusiyira a Sata, mu 2021 a Lungu nawonso anasiyira a Hichilema. Ulemu ukhale kwa Inu! Koma tazolowera Ambuye, tikuyesa mtendere tinabadwa nawo, pamene ndi mphika wadothi uli pamutu, kupunthwa kamodzi basi tatola mapale. Makolo athu ku Petauke anaona ndi maso anthu a ku Mozambique akufika ku Ukwimi ndi timitolo pamutu, ana kumbuyo, kuthawa nkhondo ya abale okhaokha. Zisatifike Yehova, zisatifike.

Ndikhululukireni ine. Ndine amene ndinatumiza odiyo ija pa gulu la banja pa WhatsApp, yonyoza mtundu wa anzathu ati savota ndi mutu, sindinafufuze, ndinaseka nkutumiza, mmawa mwake ndinakaimba kwaya ndi pakamwa pomwepa. Yakobo anatichenjeza kale za lilime koma sindinamve. Ndisambitseni.

Ndipo inu amene mumagulira anyamata athu mowa ndi tindalama tochepa kuti akagende anzawo pamisonkhano, ana anu ali phee m'kalasi, lekani! Mulungu akukuonani, magazi a mwana wa mayi wogulitsa tomato pa msika wa Kapata si otchipa.

Olamulira apatseni makutu omva odzudzula, otsutsa boma apatseni pakamwa ponena zoona, owerenga mavoti, apolisi ndi oweruza muwalimbitse mtima asaope munthu. Woluza avomere, wopambana asabwezere. Munati nyumba yogawanika siingakhale, ndiye gwirani nyumba yathu ino, One Zambia One Nation isakhale ya pakamwa chabe.

Mawa ndikwera njinga kupita ku Mchini, sindikudziwa ndikayambira pati. Nditsogolereni, fewetsani mtima wa akulu anga, fewetsani wanganso. M'dzina la Yesu, Ameni.