Tikusowa aphunzitsi a aphunzitsi odziwa za ana aulumali

Chaka changa chachiwiri pa uphunzitsi anandipatsa Sitandade 2, ana odzaza mpaka pakhomo. Kumbuyo, pafupi ndi zenera, kunkakhala kamtsikana kena. Ndikaitana dzina, osatembenuka. Ndikafunsa funso, phee. Ndinkangoti ndi mwano. Tsiku lina mayi ake anandipeza panja nati, "Aphunzitsi, mwanayu samva bwino, anadwala kwambiri ali wakhanda." Teremu yonse ndinkalankhula nditayang'ana kubolodi, choko m'manja, mwana akungoona msana wanga. Mpaka lero ndikakumbukira, mtima umandiwawa.

Sindinachite dala. Kukoleji nkhani ya ana aulumali tinangoikhudza pamwamba, zoloweza kuti tikhoze mayeso. Panalibe amene anandiuza kuti mwana wosamva bwino amawerenga milomo, choncho ndizilankhula nditamuyang'ana. Panalibenso wondichenjeza kuti mwana wachialubino akamasuzumira kope la mnzake sakubera, koma zilembo za pabolodi sakuziona.

Malamulo tili nawo. Mu 1994 pulayimale inakhala yaulere, ndipo chaka chomwecho ku Salamanca, m'dziko la Spain, maiko anagwirizana kuti ana aulumali aziphunzira limodzi ndi anzawo. Mu 2012 tinakhazikitsa lamulo loteteza anthu aulumali. Koma lamulo sililowa m'kalasi, amalowamo ndi mphunzitsi.

Koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, imasula aphunzitsi apadera a ana osaona, osamva ndi ovutika kugwira maphunziro, ndipo ntchito yawo ndimaigwadira. Sukulu zapadera za ana aulumali za Mary View, Mua, Embangweni ndi Chilanga zathandiza ana ambiri. Koma sizingalandire aliyense. Ana ochuluka ali m'makalasi wamba, m'manja mwa aphunzitsi ngati ine.

N'chifukwa chake ndikulankhula kwa inu aphunzitsi achinyamata amene mukufuna kukatenga digiri. Ambiri tikapeza mwayi timathawira ku maphunziro oti atichotse pa choko. Sindikukuweruzani, malipiro athu tikuwadziwa tonse. Koma ena mwa inu sankhani maphunziro ophatikiza ana aulumali ndi anzawo, mupitirize mpaka masitazi ndi PhD, kenako mubwerere mukaphunzitse ku makoleji osula aphunzitsi (TTC) a Machinga, Kasungu, Karonga kapena ku Domasi. Ine ndimathandiza ana a kalasi imodzi. Wosula aphunzitsi, chaka chilichonse amatumiza gulu la aphunzitsi m'maboma onse, aliyense atanyamula zimene anamva kwa iye.

Tikufunanso kafukufuku wochitikira m'makalasi athu enieni, momwe ana amakhala pansi, buku limodzi akulimbirana asanu. Njira zolembedwera kalasi ya ana 20 kuno sizigwira zonse. Ndipo ndimalakalaka kuona mphunzitsi wa aphunzitsi amene iye mwini ndi wosamva, akuphunzitsa chinenero chamanja pa TTC, kapena wosaona akugwiritsa ophunzira zilembo za braille ndi zala zawo.

Kamtsikana kaja ndinakasamutsira kutsogolo, ndinayamba kulankhula nditakayang'ana, ndipo mnzake wa pabenchi ankakalozera pamene tafika. Anandiuza zimenezi ndi mphunzitsi wina wa ku Montfort amene tinakumana pamsonkhano wa zoni, tili chiimire pansi pa mtengo wa mango. Sizinatenge ngakhale mphindi khumi. Teremu yachitatu mwanayo anakweza dzanja koyamba.