Nkhanu ya kwa Atchaina njodyera pagulu

Ukauza anthu kuti tinakadya nkhanu ku lesitilanti ya Atchaina, funso lawo limakhala limodzi: "Ndalama zonsezo, nanga nyama yake ili pati?" Ndimawamvetsa. Ukachotsa chigoba, zotsala n'zochepa ndithu. Koma ine ndikuti nkhanu sitiiyeza ndi kukhuta. Wofuna kukhuta aitanitse mpunga wambiri. Nkhanu ntchito yake ndi kukhazika anthu pansi nthawi yaitali.

Kuno ku Johannesburg timapita ku Cyrildene, mumsewu wa Derrick Avenue, kumene kuli malo odyera ndi mashopu a Atchaina. Ulendo wathawu tinali ndi mayi, achimwene, alamu, ana ndi anzathu a kuntchito. Nkhanu zimakhala zamoyo m'mathanki agalasi, chifukwa nkhanu ikafa siichedwa kuwonongeka. Mumaloza imene mwaikonda, amaiika pa sikelo, ndipo mtengo umatengera kulemera kwake. Chonde abale, funsani mtengo wa kilo isanalowe kukhitchini, kuti bilu isadzasokoneze chimwemwe cha tsikulo.

Kaphikidwe kamene ndimakakonda ndi ka anthu a ku Guangdong, chigawo cha kum'mwera kwa China: amaiduladula n'kuikazinga pa moto waukulu ndi jinja ndi anyezi wamasamba. Zokometsera sizichuluka, moti kukoma kwa nkhanuyo kumamveka. Ku Hong Kong kuli ina imene amaikwirira ndi adyo wokazinga wambirimbiri, pomwe ku Singapore amaiphika mu msuzi wa tsabola, tomato ndi dzira, n'kumasunsa timabanzi totchedwa mantou. Ku China komweko, nkhanu zaubweya za m'nyanja ya Yangcheng pafupi ndi Suzhou zimadyedwa cha m'ma October ndi November, zongophikidwa ndi nthunzi, n'kumaviika mu viniga wa jinja. Mabanja amaitanizana chifukwa cha nyengo imeneyi basi. Eni akewo anadziwa kalekale kuti chakudyachi nchosonkhanitsa anthu.

Ndipo n'zimene zimachitikadi. Mbale imaikidwa pakati, pa galasi lozungulira limene limakhala pa tebulo, aliyense n'kumalitembenuza kuti mnzake afikire. Timitengo todyera sitipita patali, posakhalitsa nonse mwayamba kugwiritsa manja. Manja akadzaza msuzi palibe amene amagwira foni. Achimwene anaswa chala chachikulu cha nkhanu, chimene chimakhala ndi mnofu wabwino koposa, n'kuika m'mbale ya mayi: "Mayi, idyani ichi, musavutike ndi chigoba." Ana anali kufunsa kuti chodyedwa ndi chiti, chotaya ndi chiti, ndipo mnzathu wina anawaonetsa tinthu totuwa tofewa timene nkhanu imapumira, kuti timeneto sitidyedwa. Nkhani za kumudzi, za sukulu fizi, za ukwati wa mlongo wathu, zonse zinakambidwa zala zili kalikiliki. Zinandikumbutsa kudyera mbale imodzi pakhonde kwathu, pamene wamkulu amayang'ana ngati wamng'ono wapezako ndiwo.

Pali chinthu china chimene chimandikhudza kwambiri. Si onse amadya nkhanu. Alamu anga ndi a Seventh Day, ndipo amatsata Levitiko 11, pamene pamati za m'madzi zodyedwa ndi zokhala ndi zipsepse ndi mamba. Enanso nkhanu imawatulutsa ziwengo, ena mpaka kubanika, ndipo zimenezi si zoseweretsa. Sindigwirizana ndi mtima womakakamiza munthu kuti "ingolawaniko pang'ono". Ngati mwamuitana, muitanitsireni chake chabwino, osati kumusiya ndi mpunga wouma. Ife alamu tinawaitanitsira nsomba yathunthu yophikidwa ndi nthunzi, yothira jinja ndi soya sosi, ndipo tinayamba tafunsa ngati mu mpunga wokazinga mulibe nkhumba kapena tizilombo tina ta m'nyanja, poti m'malo ambiri amaikamo osanena. Supuni ya nsomba inali yakeyake, yosakhudzana ndi msuzi wa nkhanu.