Malume a mtsikanayu ali kuti m'bukuli?

A mtolankhani, mwalemba kuti bukuli likuonetsa bwino moyo wa mwana wamasiye wa ku Thyolo, koma ine amene ndinakulira pafupi ndi minda ya tiyi ya kuno ndinakhumudwa nalo kwambiri. Mtsikanayo atangoika mayi ake m'manda, wolemba akumusiya yekhayekha ngati alibe mtundu, pomwe kwa Alhomwe ndi Amang'anja ana ndi a kuchikazi, ndipo malume, pokhala mwini mbumba, ndiwo amayamba kuuzidwa maliro akagwa. Malumewo akhoza kukhala achifundo kapena ankhanza, koma sangasowe m'nkhani yotere.

Chimene chimazunza ana amasiye ambiri kuno ndi malo ndi katundu. Malo ndi ochepa chifukwa gawo lalikulu lili m'manja mwa makampani a tiyi, choncho kamunda ka chimanga ndi nandolo kamene mayi asiya kamakanganitsa abale anthu asanabalalike pasiwa. M'mudzi mwathu ndinaona achibale akuchimuna akuzula malata padenga, kunyamula njinga ndi matiresi, ana akuyang'ana. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limati kulanda katundu chonchi ndi mlandu, koma bukuli silinakhudzeko nkomwe.

Mathero ake ndiye anandiwawa kuposa zonse, pamene mlendo wachizungu akutulukira mwadzidzidzi n'kumulipirira mtsikanayo sukulu. Awerengi anzanga a ku Luchenza ndi ku Bvumbwe, kodi ndi ana angati amene anathandizidwa motero? Amene ine ndimawadziwa anapeza fizi ya sekondale pothyola tiyi m'dzinja ndi pogulitsa nthochi m'mbali mwa msewu.