Golide wa Botswana pa 4x400m ku Tokyo sanali wamwayi

Nkhani ina yonena za kupambana kwa Botswana pa masewera othamanga a dziko lonse ku Tokyo inatamanda Letsile Tebogo yekha, koma mpikisano wa 4x400m (wothamanga mopatsirana kamtengo, aliyense mamita 400) wa pa 21 Sepitembala 2025 unapambanidwa ndi anthu anayi: Lee Eppie, Tebogo, Bayapo Ndori ndi Collen Kebinatshipi. Anamaliza pa 2:57.76 mvula ikukhuthuka, America ndi South Africa onse pa 2:57.83. Kebinatshipi, yemwe anali atatenga kale golide pa 400m ndi masekondi 43.53, anamupitirira Rai Benjamin wa ku America patangotsala mamita ochepa.

Chimene ambiri sachiona n'chakuti liwiro lokha silikwanira. Woyamba amathamanga mumzere wake mpaka kumapeto. Wachiwiri amakhalamo pokhota poyamba pokha, kenako amalowera mkati. Wachitatu ndi wachinayi amaimikidwa motsatira malo amene mnzawo ali akafika pa mamita 200, ndipo saloledwa kusinthanso. Kamtengo kayenera kuperekedwa mkati mwa mamita 20, wolandirayo akuyang'ana m'mbuyo chifukwa wobwerayo amakhala miyendo italema. Pamenepa m'pamene anthu amagundana. Zambia inachotsedwa m'ndime yachipulula chifukwa chotchinga America ndi Kenya, mpaka mayiko awiriwa anachita kubwereza okha kulimbirana malo a mufainolo.