Florida State anaibera masanasana mu 2023

Mpaka pano pali anthu amene amati komiti yosankha matimu inachita bwino kusiya timu ya yunivesite ya Florida State kunja kwa playoff (magemu otsiriza olimbirana chikho cha dziko lonse) ya mpira wa American football wa m'mayunivesite a ku America mu 2023. Ine ndikukana. Timu ija anaibera aliyense akuona.

Anyamata a mphunzitsi Mike Norvell anasewera magemu 13 n'kupambana onse. Gemu yoyamba anaswa LSU 45-24 ku Orlando, LSU yomwe ija imene Jayden Daniels wake anadzatenga Heisman, mphoto ya wosewera wopambana onse m'mayunivesite, kumapeto kwa chaka. Anakalowa kwawo kwa Clemson n'kutulukako ndi 31-24 pa nthawi yoonjezera. Tsoka linagwa pa 18 November, pamene quarterback wawo (woponya mpira amene amatsogolera timu pothira nkhondo), Jordan Travis, anathyoka mwendo akusewera ndi North Alabama. Wachiwiri wake, Tate Rodemaker, anatsogolera timu kukagonjetsa University of Florida 24-15 ku Gainesville, koma naye anagundidwa m'mutu. Pa fainolo ya ACC, ligi ya Florida State, ku Charlotte analowa Brock Glenn, mwana wa chaka choyamba, ndipo anagonjetsabe Louisville 16-6. Inde gemuyo inali yosakoma kuonera, Glenn kuponya kunkamukanika. Koma otchinga kumbuyo anaima nji, Louisville osalawako touchdown (kufikitsa mpira kumapeto kwa bwalo la adani) ngakhale imodzi.

Kutacha, pa 3 December, komiti ya anthu 13 inatchula anayi ake: Michigan, Washington, Texas ndi Alabama. Florida State nambala 5. Chiyambireni playoff mu 2014, kanali koyamba kuti katswiri wa ligi yaikulu, wosagonjapo, atsekeredwe kunja.

Wapampando wa komitiyo, Boo Corrigan, anati popanda Travis timuyo si yomwe ija. Malamulo awo amalola kuganizira za osewera ovulala, zimenezo n'zoona. Nanga magemu awiri amene anapambana Travis ali pa ndodo, anawapambanira ndani? M'bwalo mumalowa anthu 11 nthawi imodzi. Mu 2014 Ohio State inafika mu playoff ndi Cardale Jones, quarterback wachitatu, mpaka kutenga chikho. Ena amati iwo aja anali atakwapula Wisconsin 59-0. Ndiye kuti tikuweruza kukongola kwa gemu, osati kupambana? Ngati zili choncho anene poyera, matimu aleke kudzivutitsa kuyambira September.

Alabama imene inatenga malowo inali itagonja pakhomo pake ku Tuscaloosa, 34-24, kwa Texas. Ku Auburn inapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, ndi mpira umodzi woponyedwa pa fourth down (mwayi wotsiriza) atatsala ndi mayadi 31, pamene Auburn yomweyo inali itangochititsidwa manyazi ndi New Mexico State sabata yapitayo. Kugonjetsa Georgia 27-24 inali ntchito yaikulu, sindikutsutsa. Koma mmene ndikuonera ine, komiti inangoopa kuchita playoff yopanda timu ya SEC (ligi ya Alabama ndi Georgia), chinthu chimene chinali chisanachitikepo. Texas sakanaisiya chifukwa inagonjetsa Alabama, ndiye wofunika kumukankha anali Florida State basi.

Chondiwawa kwambiri ndi zimene Travis analemba pa X tsiku lomwelo. Anapepesa, n'kunena kuti bwenzi mwendowo utathyoka kumayambiriro kwa sizoni kuti anthu aone kuti timuyo si munthu mmodzi. Mnyamata wathyoka mwendo akumenyera sukulu yake, ndiye azipepesanso?

Ndikudziwa kuti wina andikumbutsa za 63-3 imene Georgia inawamenya pa Orange Bowl, gemu yotsekera sizoni ya ku Miami. Taonani kaye amene anasewera tsikulo. Jared Verse, Keon Coleman, Johnny Wilson ndi Trey Benson onse anakhala pansi kudzisungira ligi yaukatswiri ya NFL, Rodemaker anali atanyamuka kale kukafuna sukulu ina. Ndani angaike thupi lake pachiswe pa gemu yopepesera? Imene inakwapulidwa ku Miami si timu imene komiti inaikana, ndipo komitiyo ndi imene inaibalalitsa.

Mwina Michigan ikanawagonjetsa, monga inachitira ndi Alabama 27-20 pa semifainolo ya Rose Bowl. Mwinadi. Koma akanagonjera m'bwalo, osati m'chipinda cha hotela ku Texas mmene akuluakulu aja ankavotera. Mu 2024 playoff inakula kufika matimu 12, ndipo akatswiri asanu a maligi amene ali pamwamba pa mndandanda wa komiti anayamba kukhala ndi malo awo otsimikizika. A SEC bwerani mu makomenti, ndakudikirani.