Gawo 65 timangolikumbukira likatikomera

Sabata yatha ndinali kumudzi. Mayi anga anayanika ufa pabwalo, mphasa n'kuchepa, ndiye analowa m'nyumba kukatulutsa zitenje zakale za m'sutikesi. Chachikasu, chabuluu, chalalanje. Ndinaseka ndekha, chifukwa zitenje zitatu zonsezo anawapatsa ndi munthu mmodzi, phungu wathu wa zaka zimenezo. Dzina ndisiye, ana ake timapatsana nawo moni. Nditawafunsa mayi kuti nanga inuyo munali chipani chiti kwenikweni, anandiyankha akupitiriza kusalaza ufa: "Ine, mwanawe, ndinali wa chitenje."

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikuganiza za Nyumba ya Malamulo ya 2004 mpaka 2009, ndi za Gawo 65, lamulo lokhudza aphungu osintha chipani. Achinyamata ambiri amene mumakangana pano pa Facebook munali m'thewera, ena musanabadwe, choncho ndiloleni ndikubwezeni m'mbuyo pang'ono.

Pa 20 Meyi 2004 tinavota. Bingu wa Mutharika anapambana upulezidenti pa tikiti ya UDF ndi mavoti pafupifupi 36 pa 100 alionse, atayendetsedwa dziko lonse ndi a Bakili Muluzi ngati mkwatibwi. Koma ku Nyumba ya Malamulo, ya mipando 193, zinthu sizinawayendere. MCP ya a John Tembo ndiyo inapeza mipando yambiri kuposa chipani china chilichonse, UDF inapeza 49, oima paokha anali pafupifupi 40, yotsalayo n'kugawana zipani zing'onozing'ono monga Republican Party, NDA, AFORD ndi PPM. DPP inapeza mipando ingati? Ngakhale umodzi. Kunalibe chipani cha dzina limenelo. Palibe Mmalawi amene anachonga DPP papepala mu 2004.

Apa pali chinthu chimene a UDF sakonda kukumbutsidwa. Masewera osintha zotsatira za chisankho m'kati mwa Nyumba anayambitsa ndi iwowo, inki isanachoke pazala zathu. A Gwanda Chakuamba, amene anaimira Mgwirizano wa zipani zotsutsa ndipo otsatira awo anali mumsewu kukana zotsatira, pasanathe milungu ingapo anali atagwirana chanza ndi UDF. A Brown Mpinganjira anathetsa NDA n'kubwerera ku UDF komwe anachoka mwamkangano. Oima paokha ambiri, amene anaima paokha chifukwa chokwiya ndi momwe zisankho zachipulula za UDF zinayendera, anakokedwa mmodzimmodzi kubwerera kuchikasu. Nthawi imeneyo palibe wa UDF amene anati ovota aberedwa. Ankati ndi umodzi.

Kenako pa 5 Febuluwale 2005 Bingu anatuluka UDF, n'kuyambitsa DPP. Chimene chinatsatira ndinachiona ndi maso. Tsiku lililonse wailesi inkalengeza phungu wina "wasankha kugwira ntchito ndi boma." Mawu ake ankafanana ngati onse anakopera pabolodi limodzi: mafumu ndi anthu a kudera kwanga andipempha, ndikufuna chitukuko. Phungu wathu uja ananenanso zomwezo. Ine ndinali m'dera lomwelo, bambo anga anali nduna ya amfumu, koma msonkhano umene anthu anamupempha sitinaumve. Tinangoona galimoto yomwe ija yabwera itasintha mbendera. Chipani chimene sichinapikisane nawo pachisankho chinakhala ndi aphungu makumi angapo mbali ya boma, pamene chipani chimene chinapambana upulezidenti chinapezeka chikukhala mbali yotsutsa. Mipando imene DPP inapeza ndi voti yeniyeni inali 6 yokha, ya pachisankho chapadera cha Disembala 2005.

Tsono malamulo aakulu a dziko lathu ali ndi Gawo 65. Mwachidule limati phungu amene anasankhidwa ali membala wa chipani, akachoka mwa kufuna kwake m'chipanicho kapena kulowa china chimene chili m'Nyumba, Sipikala alengeze kuti mpando wake ulibe munthu. Abwerere kwa anthu akapemphenso. Si chilango chachikulu ayi. Ngati n'zoona kuti anthu a kudera kwako ndi amene anakutuma, ukuopanji kukawafunsa ndi bokosi?

Ndipo pali ndime yachiwiri ya gawo lomweli imene anthu ambiri sakuidziwa. Imati phungu ali ndi ufulu wovota momwe mtima wake ukufunira, ndipo sangachotsedwe chifukwa chakuti wavota mosemphana ndi chipani chake. Ndiye kuti amene ankafunadi kuthandiza boma kudutsitsa bajeti, kapena kuvomereza ngongole yomangira msewu, akanatha kutero ali m'chipani chake chomwecho. Panalibe chifukwa chosinthira malaya. Kusintha malaya kunali kwa china: unduna, uwachiwiri kwa nduna, Pajero, ulendo wakunja. Mbuzi imadya pomwe aimangirira, koma zathuzi zinkadula chingwe zokha zikamva kununkhira kwa gaga.

Mkangano unafika poipa kwambiri. Otsutsa, atapsa mtima, anayamba njira yochotsera pulezidenti pampando. Mu Juni 2005, m'kati mwa phokoso la nkhani imeneyi, Sipikala Rodwell Munyenyembe anagwa ali pantchito m'Nyumba, ndipo anamwalira patapita masiku ochepa ku South Africa. Munthu yemweyo ndi amene mu 1995, ali Sipikala koyamba, anachotsa Fred Nseula wa ku Mwanza pogwiritsa ntchito Gawo 65. Mpando wa Sipikala unapita kwa a Louis Chimango a MCP, ndipo mutha kuona chifukwa chimene mbali ya boma inayambira kusowa tulo: mpeni unali m'manja mwa munthu wa mbali ina. Mu 2006 wachiwiri kwa pulezidenti, a Cassim Chilumpha, amene anatsalira ku UDF, anamangidwa pa mlandu woukira boma. Limenelo ndilo linali dziko lathu, pomwe njala ya 2005 inali itangotipsinja kumene.

Bingu anapita yekha kukhoti kukafunsa ngati Gawo 65 silikuphwanya ufulu wa munthu wosonkhana ndi amene akufuna. Khoti Lalikulu linati gawolo lili bwino. Anachita apilo. Pa 15 Juni 2007 khoti la Supreme linanenanso zomwezo. Tinaganiza kuti nkhani yatha. Koma aphungu 41, motsogozedwa ndi a Yunus Mussa a ku Zomba, anakatenga chiletso choletsa Sipikala kuchitapo kanthu. Chiletso chija chinasanduka mpanda. Otsutsa nawo anati chabwino, ngati ndi choncho bajeti sitikambirana. Mawu a a Tembo amene aliyense wa msinkhu wanga amawakumbukira, m'Chingerezi momwe anawanenera, ndi akuti "Section 65 number one, budget number two."

Apa ndiulule mbali yanga. Ine ndinali kumbali ya bajeti, ndipo ndinali wotentha. Chaka cha boma cha zachuma chinkayamba pa 1 Julaye, Julaye anatha, Ogasiti anatha, bajeti ya nduna ya zachuma a Goodall Gondwe ili pathebulo. Kumudzi nkhani inali imodzi yokha, makuponi. Feteleza wotsika mtengo anali atayamba mu 2005, thumba K950, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri nkhokwe yathu inadzaza mpaka bambo anamanga ina. Ndikukumbukira madzulo ena bambo atakhala pakhonde, wailesi ili pabondo, mabatire atayanikidwa padzuwa masana onse kuti afikeko pa nkhani za 7 koloko. Atamva kuti zokambirana zalephereka kachikena anazimitsa, n'kunena kuti, "Anthu awa gawo lawolo adzathira m'munda?" Ophunzira a m'makoleji anachita zionetsero, mabungwe anagona panja, mafumu anayankhula pa MBC mpaka mawu kusasa. Ndinagwirizana nawo onse. Otsutsa ndinkawaona ngati afiti.

Lero ndikayang'ana m'mbuyo ndimaona kuti bambo sanalakwitse, koma tonse tinapusitsidwa. Funso linaikidwa ngati kuti tisankhe chimodzi, chimanga kapena malamulo. Amene anatiika pamphambano imeneyo ndani? Boma likanalola Sipikala kugwira ntchito yake, aphungu aja akanapita ku zisankho zapadera, ndipo momwe Bingu ankakondedwera nthawi imeneyo, ambiri akanabwerera ndi voti yoyera. Umboni ulipo, DPP inali itasesa kale mipando 6 ija. Koma ankaopa miyezi ya pakati, pomwe mabenchi a boma akanakhala opanda anthu ndipo otsutsa akanatha kumaliza zomuchotsa. Otsutsanso, tisanamizane, sankalira chifukwa cha mayi anga ndi voti yawo. Ankawerengera manambala a zomwezo. Ndipo chodabwitsa, nkhani ya feteleza wotsika mtengo a Tembo omwewo ndi amene anaikakamira kwambiri mu 2005. Ndale zinangowalanda mbale, wina n'kudyeramo.

Bajeti inadutsa mu Sepitembala 2007, pa mgwirizano woti ikangodutsa akambirane za Gawo 65. Patangopita masiku ochepa Bingu anatseka Nyumba. Chaka chotsatira sewero lomwelo linabwerezedwa. Nthawi ya Nyumbayo inatha mu 2009 gulu lija lili phee m'mipando, malipiro ndi maalawansi a zaka zonse atalandira. Chigamulo cha khoti lalikulu kuposa onse m'dziko chinangokhala pepala.

Ena amati nkhaniyi inaweruzidwa ndi anthu pa 19 Meyi 2009, pamene Bingu anapeza mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse, DPP n'kutenga mipando yoposa 110, MCP n'kutsika kufika m'ma 20, UDF 17. N'zoona, anthu analanga otsutsa. Koma taonani zimene tinaphunzitsa andale athu: kuti ukhoza kukhalira lamulo zaka zinayi, bola ukhale ndi chimanga ndi loya wodziwa kutenga chiletso usiku. Ndipo boma la mphamvu zopanda malire limene tinapanga mu 2009 lija, tonse tikudziwa komwe linatifikitsa pofika pa 20 Julaye 2011, tsiku limene anthu anaphedwa pa zionetsero.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Bingu anamwalira pa 5 Epulo 2012, mayi Joyce Banda analumbira pa 7. Chipani chawo cha PP, ngati DPP ya 2005, sichinapikisaneko pachisankho chilichonse chachikulu. Maliro asanaikidwe n'komwe ku Ndata, aphungu anali atayamba kale kusoketsa malaya alalanje. Mawu ake omwe aja, osasintha ngakhale koma: anthu a kudera kwanga andipempha. Ndipo ndani anayamba kulira kuti Sipikala Henry Chimunthu Banda agwiritse ntchito Gawo 65? DPP. Anthu omwe aja amene zaka zisanu m'mbuyomo ankati gawoli ndi loipa, lopondereza ufulu. Mayi Banda nawonso anali atadutsa njira yomweyo, anasankhidwa ku Zomba Malosa pa tikiti ya UDF mu 2004 n'kupita ku DPP. A Uladi Mussa ndiye tinachita kuwapatsa dzina, Chenjigolo, ndipo timalitchula tikuseka ngati ndi luso la mpira.

Ndiye maganizo anga ndi awa. Gawo 65 si la ife ovota. Ndi ndodo ya zipani, ndipo ili m'manja mwa Sipikala amenenso ndi wa chipani. Kumbukirani kuti mu 2001 UDF inalikulitsa dala kuti likole a Mpinganjira ndi gulu lawo la NDA, mpaka khoti linachita kudulako mbali ina. Aliyense amalinola akakhala kuti wathawidwa, amalibisa pansi pa bedi akakhala kuti akulandira alendo. Komanso lili ndi mabowo oti ng'ombe n'kudutsa. Woima payekha silimukhudza, ngakhale anthu anamusankha dala pokana chipani chimene akulowacho. Wina sanena kuti watuluka, amangosamutsa mpando, n'kumavala mtundu wina pamisonkhano, ukamufunsa akuti ndikadali membala.

Chimene chinali chathu chinali Gawo 64. Malamulo a 1994 anali ndi ndime yopatsa anthu a m'dera mphamvu yochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe. Aphungu anaichotsa mu 1995, chaka chimodzi chokha atalowa m'Nyumba. Pa nkhani imeneyo sipanafunike chiletso, sipanakhale kunyanyala, panalibe woti uyu ndi wa tambala uyu ndi wachikasu. Kuyambira pamenepo a mipingo ndi a mabungwe akhala akupempha kuti ibwerere, ndipo Nyumba iliyonse imamva ndi khutu la kumanzere.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe m'munsimu, kuti Gawo 64 lingabweretse chisokonezo, woluza aliyense azingoyenda ndi pepala kusonkhetsa masaini tsiku lotsatira chisankho. Nkhawa imeneyo ndi yomveka, sindikuinyoza. Koma imeneyo ndi nkhani ya kakonzedwe: pakhale chiwerengero chokwera cha masaini, bungwe la MEC litsimikize dzina lililonse, zisachitike chaka choyamba kapena chomaliza. Ine ndingavomere ngakhale zitangololedwa pa chifukwa chimodzi chokha, chakuti phungu wasintha chipani. Iyeyo akuti anthu amutuma, ndiye anthuwo apatsidwe pepala anene okha, Sipikala asalowepo.

Pano mipando inakwera kufika 229, ndipo oima paokha akhala akuchulukirachulukira pa zisankho zaposachedwapa. Ambiri mwa iwo amadikira kaye kuti aone amene walumbira, kenako mafumu a kudera kwawo amayamba kuwapempha.

Ufa uja unauma bwino. Mayi anapinda zitenje zawo n'kubwezera m'sutikesi, kupatula chalalanje chimene chinang'ambika pakona. Chimenecho akuti azimangira nyemba.