Anyamata inu, lekani kukongola ndalama podalira mawondo anu

Lamlungu lapitali mwana wa mlongo wanga anabwera kunyumba atanyamula mapepala. Anapereka moni mwaulemu, n'kukhala pansi, kenako anatulutsa foni kundionetsa galimoto. Ndi zija zikuluzikulu zonyamulira katundu, yakuda bii, matayala ofika m'chiuno. "Amalume, inu mungosaina apa basi. Kubweza si vuto, ndikugwira maovataimu." Mnyamatayu amanyamula makatoni m'nyumba yosungiramo katundu kuno ku America, mashifiti awiri motsatizana, ndipo poimirira pampando ndinamuona akugwira msana ngati nkhalamba, chonsecho zaka 30 sanakwanitse. Sindinasaine. Anachoka atakwinya nkhope, tiyi wake osamaliza. Popeza ndikudziwa kuti mulipo ambiri a mtima womwewu, ndati ndikuuzeni nonse zimene ndinamuuza iye, za munthu wina amene anali ndi thupi loposa lanu nonse, ndi ndalama zimene inu ndi ine sitidzazigwira.

Dzina lake ndi Adrian Peterson. Amene mumaonera mpira wa kuno, uja wa mpira wonga dzira ndi zipewa zolimba, mukumudziwa. Kwa amene simuutsata, ntchito yake inali ya running back. Ameneyu ndi munthu amene amapatsidwa mpira m'manja n'kuuzidwa kuti aboole khoma la anthu. Pakhomalo pamakhala zimphona zina zolemera makilogalamu 140, ndipo ntchito yawo ndi yomugwetsa basi. Pamasewera amodzi akhoza kunyamula mpira maulendo 20 kapena kuposa, ndipo pafupifupi ulendo uliwonse umathera pansi, anthu atatu anayi atamuunjikira. N'chifukwa chake ambiri pamalo amenewa sakhalitsa mu ligi ya NFL, zaka zitatu zokha ena achotsedwa kale, ndipo eni matimu amamuona running back wa zaka 30 ngati tayala lotha.

Peterson anabadwa pa 21 March 1985 m'tauni ya Palestine ku Texas. Umphawi ndi chisoni anazidziwa ali wamng'ono, musaganize kuti ndikunena mwana wa bwana. Ali ndi zaka 7 anaona ndi maso ake mkulu wake akugundidwa panjinga ndi dalaivala woledzera, n'kumwalira. Ali ndi zaka 13 bambo ake anamangidwa pa mlandu wa ndalama za mankhwala osokoneza bongo. Bambo omwewo ndi amene anamupatsa dzina loti All Day, chifukwa mwanayo ankathamanga tsiku lonse osatopa. Ku yunivesite ya Oklahoma, chaka chake choyamba cha 2004, anathamanga mayadi 1,925. Mu 2007 timu ya Minnesota Vikings inamusankha pa nambala 7, ndipo m'November chaka chomwecho anathamanga mayadi 296 pamasewera amodzi ndi San Diego Chargers. Bwalo lonse ndi mayadi 100, ndiye werengani nokha.

Mu September 2011 anasaina kontrakiti ya zaka 7 yokwana madola 96 miliyoni. Apa mverani bwino, chifukwa ndi pamene ambiri mumasokonezeka mukamawerenga manambala pa intaneti. Mu NFL nambala yaikulu imene imalengezedwa si imene munthu amaika m'thumba. Pa ndalama zonsezo, zimene timu inalonjeza kuti ipereka zivute zitani zinali pafupifupi 36 miliyoni. Zotsalazo umazipeza ngati miyendo ikadali bwino ndiponso ngati bwana akukufunabe. Kenako boma lidula msonkho wake, wokuimira pa zokambirana atenga gawo lake, ndiye kubwere achibale ndi anzako a kusukulu amene akumbukira mwadzidzidzi kuti munkadyera mbale imodzi.

Patangopita miyezi itatu, pa 24 December 2011, ndinali pampando womwe mnyamata uja anakhalapo, nyama ya Khirisimasi ili pamoto. Vikings inkasewera ndi Washington. Wina anamulowa Peterson m'munsi, bondo lakumanzere n'kupindikira kumene bondo silipindikira. Anazibwereza pa TV pang'onopang'ono, mayi akunyumba anatseka maso n'kubwerera kukhitchini. Mitsempha iwiri ya m'bondo inaduka. Tonse tinati basi, zake zathera pomwepa.

Koma ayi. Miyezi 9 isanakwane anabwerera m'bwalo, ndipo mu 2012 anathamanga mayadi 2,097, kuperewera 8 okha kuti afike pa 2,105 amene Eric Dickerson anathamanga mu 1984. Anamusankha kukhala wosewera wopambana onse mu ligi. Ine ndimaona kuti chaka chimenecho ndi chimene chinamupweteka. Munthu akapulumuka kamodzi modabwitsa amayamba kuganiza kuti thupi lake silili ngati la anzake, kuti likathyoka limalumikizika lokha, ndipo amayamba kulidalira ngati buku la kubanki. Inunso mumatero. Munagwira mashifiti 14 osapuma simunafe, ndiye mukuti chaka chamawa zikhala chimodzimodzi, ndi chinacho, mpaka ngongole ya zaka 6 ithe.

Mu 2014 anasewera masewera amodzi okha. Anaimbidwa mlandu ku Texas chifukwa chokwapula mwana wake wa zaka 4 ndi kanthambi mpaka kumusiyira mabala, ndipo m'November sanautsutse mlandu wocheperapo kukhoti. Ligi inamuimitsa, kampani ya Nike inathetsa naye mgwirizano. Pano ndipatuke pang'ono kwa makolo anzanga. Iye ananena kuti ndi mmene analeredwera, ndipo ambiri a ife tinaleredwa chimodzimodzi. Koma mwana wa zaka 4 samenyedwa mpaka magazi kulikonse, ndipo kuno aphunzitsi ndi madokotala akaona zipsera, lamulo limawakakamiza kunena. Mudzalanditsa ana ndi mapepala anu omwe.

Tsono munthu amene wangotaya chaka chathunthu cha ntchito ndi kampani yomulipira, mukuganiza anachita chiyani? M'March 2015 anachita phwando lokondwerera kuti wakwanitsa zaka 30, zaka zomwe zija eni matimu amayamba kukuyang'ana ngati tayala lotha. Alendo anali mazanamazana, malo atakongoletsedwa ngati nyumba ya mfumu ya Aluya, ndipo mwini phwando analowa atakwera ngamila. Ngamila yeniyeni, yobwereka, ku Texas. Zithunzi zake zinazungulira dziko lonse, iye ali pamwamba atavala nduwira, anthu akukuwa m'munsi. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndipo amalondawo anali m'gulu lomwelo akuombera m'manja. Chaka chimenecho anathamanganso mayadi 1,485, kuposa wina aliyense mu ligi, ndiye ndani akanamuuza kanthu?

Mfundo yanga yeniyeni ili pa 2016. M'September, pamasewera achiwiri okha, ndi Green Bay Packers, bondo lakumanja linavulala, n'kupita naye kuopaleshoni. Chaka chonsecho anasewera katatu, mayadi 72. Munthu wa mayadi 2,097. Ndiye m'October, bondo lisanapole n'komwe, anakongola madola 5.2 miliyoni kukampani ina ya ku Pennsylvania yotchedwa DeAngelo Vehicle Sales, chiwongoladzanja 12 peresenti, yoti abweze pofika March 2017. Ndalamazo sanagulire munda kapena nyumba yochititsa lendi, mbali yaikulu inapita kukatseka ngongole zina zimene anali nazo kale. Kukumba dzenje kuti ukwirire dzenje. Kwathu timangoti katapila, kaya wavala suti kaya ali pansi pa mtengo wa mango, machitidwe ake ndi amodzi.

Nanga ankadalira chiyani pobweza m'miyezi yochepa chonchi? M'kontrakiti yake munali madola 18 miliyoni a chaka cha 2017, koma oti timu ipereke ngati ikufuna kumusunga. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. M'February 2017 a Vikings anayang'ana bondo lija, anayang'ana zaka zake zimene zinali kufika 32, n'kunena kuti zikomo kwambiri, pitani bwino. Zaka 10 anawanyamulira mpira, ndipo sanalakwe kanthu pomusiya, ndi mmene malonda awo amayendera. Anapita ku New Orleans Saints pa madola 7 miliyoni a zaka ziwiri, ndipo chaka chisanathe anamutumiza ku Arizona. Mu 2018 anasewerera Washington pa malipiro otsikitsitsa amene munthu wa zaka zake angalandire, kungopitirira pang'ono miliyoni imodzi, n'kuthamangabe mayadi 1,042. Kulimbikira ankalimbikira, zimenezo palibe angatsutse. Koma ngongole simva kuti mwini wake ndi wolimbikira, imangokula usiku ndi usana, ngakhale pa Khirisimasi.

Mu 2019 loya wake anauza anthu kuti Peterson anakhulupirira anthu olakwika ndipo anamudyera masuku pamutu. Mwina ndi zoona ndithu. Koma dzanja limene linagwira cholembera ndi la ndani? Mu 2021 khoti la ku New York linagamula kuti alipire madola pafupifupi 8.3 miliyoni. Iye anali akuyendabe timu ndi timu, Detroit, Tennessee, Seattle, mpaka anamaliza ndi mayadi 14,918, wachisanu pa onse amene anasewerapo malo amenewa. Pa ntchito yake yonse analandira ndalama zoposa madola 100 miliyoni. M'February 2024 zikho zake, ndi chija cha 2012 chomwe, zinaoneka pa intaneti zikugulitsidwa pa okushoni, iye n'kumanena kuti sanavomereze. M'September chaka chomwecho woweruza wa ku Houston analamula kuti apereke katundu wake, ngongole itadutsa madola 12 miliyoni. Kuchokera pa 5.2.

Zina ndingozidutsa chifukwa zimandimvetsa chisoni. Mu September 2022, ali ndi zaka 37, analowa m'bwalo la nkhonya ku Los Angeles ndi Le'Veon Bell, running back mnzake, ndipo Bell anamugwetsa chagada m'chigawo chachisanu. Mutu umene wagundidwa zaka 15 mu NFL ukufunanso chiyani kunkhonya? Ndipo mu April 2025 apolisi a ku Minnesota anamugwira usiku pomuganizira kuti akuyendetsa galimoto atamwa. Mwana uja amene anaona mkulu wake ali gone pamsewu pambali pa njinga. Nditamva ndinangozimitsa wailesi.

Ndikudziwa zimene mukunena m'mitima mwanu, kuti madala awa akutiyerekeza ndi munthu wa mamiliyoni pamene ife tikungofuna kagalimoto. Kusiyana kwake ndi maziro okha. Iye ankadya za miyendo, inu mukudya za msana ndi mapewa, kaya mukunyamula makatoni, kaya mukutembenuza okalamba pabedi m'nyumba zowasamalira, kaya mukuyendetsa lole usiku wonse. Ovataimu ili ngati 18 miliyoni ija, bwana amapereka akafuna. Katundu akachepa m'January amaidula osakufunsani, msana ukaphotchoka amaika wina pamalo panu Lolemba lomwelo. Koma pepala limene mwasaina silinena za msana. Limanena tsiku ndi ndalama. Ndipo mukabweretsa amalume anu kuti asaine nawo, mwakokera m'dzenje munthu amene watsala zaka zochepa kuti apume pantchito, amene akutumizabe fizi ndi ya feteleza kumudzi.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi chifukwa chake mukufunira zinthuzi. Si kuti mulibe choyendera. Mnyamata uja ali ndi galimoto yoyenda bwinobwino, vuto lake ndi loti siioneka bwino pa Facebook. Mukufuna anzanu a kumudzi aone chithunzi mutatsamira chitseko, makiyi ali m'manja, alembe kuti bwana mwaphula. Imeneyo ndi ngamila yanu. Ndipo anthu amene akulemba ndemangawo, tsiku limene galimoto idzakokedwa pakhomo m'mamawa ndi eni ngongole, adzakhala oyamba kutumizirana nkhaniyo pa WhatsApp. Ndaziona kangapo konse m'dera lathu lino, maina sinditchula. Wina tinachita kumusonkhera ya lendi kutchalitchi, jekete lake lodula ali chivalire.

Inunso azimayi ndi abambo amene muli kumudzi, lekani kuwapanikiza anawa ngati kuno ndalama amathyola mumtengo. Mwana akakuuzani kuti mwezi uno sizili bwino, musamufunse kuti nanga mnzake uja bwanji wagula galimoto. Simukudziwa kuti mnzakeyo amagona maola angati, ndi kuti galimotoyo mwini wake weniweni ndi ndani.

Mwana wa mlongo wanga, ndikudziwa uwerenga izi ngakhale sukuyankha foni yanga. Mapepala ako unawaiwala, ali pansi pa TV, osasainidwa. Ubwere Loweruka ndi mapepala a malipiro ako a miyezi 6, tichotsepo ovataimu yonse, tione chotsala. Tikatero ndikuperekeza kwa dokotala akaone msanawo, ndipo za galimoto tikambirana pobwerera. Azakhali ako akuti ubweretsenso kontena yawo ya ndiwo imene unatenga mwezi watha.